Nsungwi ya Che Atumani

Uladi sanali munthu wokhala malo amodzi. Anabadwira ku Limbe, kuseri kwa masitolo a amwenye. Ntchito yokonza mawailesi anakaiphunzira ku Harare, mzindawo ukutchedwabe Salisbury. Atachoka uko anakakhalako ku Ndola. Kenako ku Beira. Kenako ku Lilongwe, fumbi la mzinda watsopano lisanakhazikike. Paliponse, akangoyamba kudziwika dzina ndi ogulitsa tiyi, mtima unkayamba kumuuza za basi. Anali ndi chikwama chachikopa cha lamba wautali chimene anagula ku Beira. Sankachikhuthula chonse. Malaya ndi buluku zinkagona m'menemo nthawi zonse, kudikira.

Ku Mangochi anafika mu 1985. Ankati adzangoona kwawo kwa malemu mayi ake, n'kupitirira. Anapempha kakhonde pafupi ndi msika, naikapo tebulo, mbaula ndi chitsulo chake chosungunulira mtovu. Ntchito inalipo. Masiku ena ankamangirira zida panjinga n'kutsata msewu wa ku Monkey Bay, kudutsa Makokola, kuima doko ndi doko. Asodzi ankamubweretsera mawailesi odzaza mchenga, ena onunkha utaka, ena okhalamo mphemvu ndi ana ake omwe. Iye ankatsegula. Ankauziramo, kununkhiza, kufufuza mpaka kupeza thiranzisita yakufa, kachinthu ka miyendo itatu kakukula ngati nyemba. Ankakazula n'kuikapo kena. Wailesi n'kuyambanso kuyankhula.

Ku Nkope n'kumene anaonana ndi Zena. Zena ankayanika usipa n'kumakaugulitsa ku Limbe. Anali ndi ana awiri. Mwamuna wake woyamba anapita kumigodi ku Joni, natumiza bulangete chaka choyamba, kenako zii, mpaka shehe anachita kuthetsa ukwatiwo. Sankaseka msanga mayiyu. Tsiku loyamba anayang'ana chikwama cha Uladi asanayang'ane nkhope yake, namufunsa kuti basi yake inyamuka liti. Kuyambira pamenepo ankangomuitana kuti alendo.

Uladi anadzipeza akubwerera ku Nkope kawirikawiri kuposa mmene mawailesi akumeneko ankafera. Chaka chisanathe anatumiza mawu kwa Che Atumani, amjomba ake a Zena, chifukwa nkhani ya ukwati wa mwana wa mlongo wawo inali m'manja mwawo.

Che Atumani anali ndi maboti awiri ndi khoka la chilimira. Yankho anachedwa nalo. Kenako anatuma munthu kuti mmisiri uja abwere m'mawa, maboti akakocheza.

Uladi anawapeza pamkeka pakhonde, akusoka ukonde. Anapatsana salamu. Anafunsana za kudzuka, za mwera umene unali utayamba, za mtengo wa palafini. Uladi anakhala chonjola, chikwama pambali pake. Zimenezo zitatha, mkuluyo anapisa m'thumba la mkanjo wake natulutsa wailesi. Inali yaing'ono ngati sopo wosambira. Anati anawatumizira mphwawo Jaffalie kuchokera ku Joni. Inayankhula m'mawa umodzi wokha. Kenako inatulutsa kafungo, n'kukhala duu.

Anaiponya m'mwamba pang'ono n'kuiwakha.

"Taimvani kupepuka kwake. Wailesi yanga yakale ndinkainyamula ndi manja awiri. Iyi ngati mulibe kanthu."

Ananena kuti anali ataitumiza kale kwa amisiri awiri kuboma. Onse anaibweza. Anati zatsopanozi sizikonzedwa, zikafa n'zotaya. Mmodzi wa amisiriwo, anatero Che Atumani, anali atayamba kale kumata matayala a njinga.

"Ndiye ndifunseko, Che Uladi. Anyamata onse obwerera ku Joni akubwera ndi zoterezi. Zakale zija zikadzatha, inu muzidzakonza chiyani?"

Uladi anayankha kuti munthu wa manja ntchito saisowa.

"Saisowa, n'zoona. Imangokhala kwina. Ndiye munthu amakoleka chikwama n'kuitsatira." Maso a mkuluyo anatsikira pa lamba uja. "Mwanayu anasiyidwapo kale kamodzi. Kwa shehe sindikufuna kupitanso ndi nkhani ngati imeneyo."

Anamupatsira wailesiyo m'manja. Anati ikayankhula, adziwa kuti ntchito ya Uladi ili ndi mawa pa Nkope pompano, ndipo ankhoswe atha kubwera. Ikakanika, palibe mlandu. Msewu ndi womwewo, mabasi sanathe. Atatero anatolanso singano yawo.

Uladi anakaitsegulira pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi mathandala oyanikapo nsomba. Anayembekeza kuona mathiranzisita ali ndanda, monga mwa masiku onse. Munalibe. Munali kathabwa kobiriwira, ndipo pamenepo panagona tinthu tiwiri takuda, tamiyendo yambirimbiri uku ndi uku ngati bongololo. Kamodzi kanali ndi thuza pamsana. Anakanunkhiza. Kanali katapsa. Anakatembenuza ndi maso mbali zonse, kufuna poyambira. Panalibe sikulu, panalibe chivindikiro, panalibe mng'alu. Zaka zonse zija anali asanaonepo chinthu chomukaniza kulowa chonchi.

Zena anafika akutembenuza usipa pathandala lapafupi. Sanamuyang'ane. Anayankhula ngati akuuza nsombazo.

Kunyanja batire silitayidwa. Likatopa amaliyanika padzuwa pambali pa usipa, ena amalimenyako ndi mwala. Kenako amang'amba nsungwi, kuikamo mabatire otopawo mondondozana, kumanga ndi mphira, waya uku waya uku. Mabatire khumi otopa amagwira ntchito ya anayi abwino. Mawailesi akale aja ankadya chilichonse chimene apatsidwa. Nyumba iliyonse pa Nkope inali ndi nsungwi yake, ndipo ya Che Atumani inali yaitali kuposa zonse. Zimenezi Uladi ankazidziwa. Chimene sankadziwa ndi chimene Zena anamuuza tsopano. Wailesi itafika, timabatire take ting'onoting'ono tinatha msanga. Amjomba ake anati chinthu chochokera kutali chonchi, chotumizidwa ndi mwana wa m'nyumba, sangachipatse mkute. Anapita okha kugolosale. Anagula mabatire atsopano okhaokha, nadzaza nsungwi yonse mpaka kumapeto.

Uladi anatseka maso. Kawailesi kofuna mabatire awiri.

"Anakapatsa ulemu," anatero.

"Musakawauze kuti mwamva kwa ine." Zena anasesa usipa ndi dzanja. "Nanga mukonza, alendo? Kapena ndikufunsireni za basi?"

"Ndikonza."

"Mukudziwa kakonzedwe kake?"

"Ayi."

Apo mpamene Zena anamuyang'ana. Anasenza dengu lake n'kupita.

Uladi anali atamvapo za a Howard, amene ankasamalira mawailesi a m'sitima ku Monkey Bay. Anthu ankati munthuyo anakaphunzira kunja. Lachisanu m'mamawa anapalasa njinga kupita kumeneko. Panjira anyamata a chipani anamuimitsa kufuna khadi. Anawaonetsa, napitirira. Anafika thukuta lili kamukamu, sitima ili padoko, anthu akukweza matumba ndi nkhuku.

A Howard anali munthu wa ku Rumphi, wamtali, wa malaya oyera. Anawapeza m'kachipinda kodzaza mawaya, akumwa tiyi ndi banzi. Anatenga kawailesiko, kukayang'ana ndi diso limodzi, nafunsa kuti ndani anakamwetsa mphezi. Uladi anafotokoza za nsungwi. A Howard anaseka mpaka tiyi anatayikira patebulo. Anati zaka zonse anakhala kusukulu, palibe mphunzitsi anawachenjezapo za nsungwi.

Atatha kuseka anatsegula dilowa. Anatulutsa kabongololo kena kakufa, nati dzina lake ndi IC. Anakaswa ndi pulayala. M'kati munali kachidutswa konyezimira, kochepa kuposa mamba a chambo. Anamupatsa Uladi galasi la okonza mawotchi, namuuza kuti aime pawindo.

Poyamba sanaone kanthu. Kenako zinabwera. Misewu. Timisewu towongoka, topingasana, tina tokhota, ndi timabwalo tosawerengeka m'mbali mwake. Anakumbukira ali mwana, atakwera phiri la Mpingwe n'kuyang'ana Limbe yense pansi, madenga ndi njanji.

"Tinyumba mukutionato, ambiri mwa iwo ndi mathiranzisita," anatero a Howard. "Omwe aja inu mumawazula ndi chitsulo chanu."

Anafotokoza kuti m'kameneko munali ochepa, makumi angapo chabe. M'kamakina kowerengera masamu mumakhala zikwi. Kunja anali atayamba kale kuika mazana a zikwi pamalo okula ngati chikhadabo. Sawaika ndi manja. Amawajambula ndi kuwala, monga amatsukira zithunzi, pa kachidutswa kopangidwa kuchokera ku mchenga woyeretsedwa. Uladi anachotsa diso pagalasi nayang'ana panja. Mchenga unali mbwee gombe lonse, agalu akugonapo.

Anafunsa kuti kuchepaku kudzathera pati.

A Howard anati funso limenelo ankalifunsanso iwo. Pakangopita zaka ziwiri, pamalo omwewo pamalowa owirikiza. Ali kusukulu anauzidwa kuti khoma lili pafupi, chifukwa mzere sungaonde kuposa kuwala kumene kukuujambula. Asanamalize maphunziro, anthu anali atapeza kale njira yozembera. Ena ankati khoma lenileni lidzabwera timakoma ta m'katimo tikadzapyapyala kwambiri, mpaka magetsi kumadutsa okha ngati madzi pa dengu. Mwina pamenepo adzayamba kusanjikiza, ngati nyumba za ku Joni. Iwo sankadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti aliyense amene ananenapo kuti apa ndiye pathera, anadzachita manyazi.

"Tsiku lina wailesi, makina a masamu ndi lamya zidzalowa m'thumba limodzi la malaya. Munthu aliyense ndi lamya yake, osadzera kwa wina aliyense." Atanena zimenezi anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu. "Koma zimenezo mwazimva kwa mphepo."

"Nanga ife?"

"Ife sitidzalowamo, achimwene. Pamenepa chala changa ndi chanu n'chimodzimodzi."

Kabongololo kena kolowa m'malo mwa kakupsako kunalibe. A Howard anati m'dziko muno sangakapeze, ndipo kuitanitsa kunja munthu angachite kumera imvi. Komabe anatenga kawailesiko, nalumikiza mabatire awiri, nadula mwendo umodzi wa kakupsako. Anagunditsa waya wa chomvera cha m'khutu pafupi ndi pokwezera mawu. Anamupatsa Uladi. Kutali, ngati munthu woyankhula m'chitsime, mayi wina ankaimba.

A Howard anati kabongololo kachiwiri kaja, kogwira mawu mumlengalenga, kanali moyo. Kamene kanapsa ndi kokweza mawu. Kanafa msanga n'kutenga nkhonya yonse. Makutu analipo, pakamwa ndi pamene panalibe. Kenako anafufuzanso m'dilowa natulutsa kachinthu kagalasi kofiira ngati mkanda. Anati kameneko kamakana magetsi opyola muyeso wake. Ukakaika pamodzi ndi thiranzisita yaikulu, ziwirizo zimakhala ngati mlonda wa pageti: kaya kunja kubwere mabatire angati, m'kati mumalowa zokwanira basi. Anamupatsa Uladi kachinthuko, najambula kalumikizidwe kake ndi chala pa tiyi wotayika uja. Uladi anayang'anitsitsa mpaka tiyiyo anauma.

Akutsanzika, a Howard anati pali nkhani ina. Mnzawo wa sitolo ku Nkhata Bay ankafuna mmisiri. Kumeneko zing'onozing'onozi zinali zisanafike kwenikweni. Mawailesi anali akale okhaokha, a miyendo itatu, ntchito imene Uladi angaigwire atatsinzina. Sitima inali pafupi kunyamuka. Akafuna, iwo amuyankhulira kwa woyang'anira.

Uladi anathokoza, natuluka.

Anaima pageti la doko, njinga m'manja. Sitima inalira. Kulira kumeneko ankakudziwa. Anakumvapo pa siteshoni ya Limbe, pa doko la Beira, pa depoti ya Ndola. Chikwama chinali paphewa, zonse zili momwemo. Kawailesi akanatha kukatumiza ku Nkope ndi munthu wa lole. Palibe akanadabwa. Che Atumani akanangogwedeza mutu. Zena sakanalira n'komwe, akanangotembenuza usipa wake.

Anaganiza za Nkhata Bay. Zaka zisanu za ntchito yosavuta, mwina kuposerapo. Kenako mnyamata wina adzatsika sitima yomweyi ndi kawailesi konga sopo. Ndiye iye adzapitenso kuti? Karonga? Chitipa? Kupitirira apo dziko latha. Chinthu chimene chinkachepa zaka ziwiri zilizonse sichikanatopa iye asanatope.

Sitima inaliranso. Iye anatembenuza njinga kuloza kummwera.

Pakhonde pake ku Mangochi anatulutsa mitembo yonse ya mawailesi imene inali pansi pa tebulo. Anazula mathiranzisita amoyo. Anakhoma timisomali pa kachidutswa ka thabwa la pulayiwudi, nayamba kumanga pakamwa patsopano, monga ankamangira mawailesi akale, chiwalo ndi chiwalo.

Sizinayende. Chitsulo chake chinali chachikulu kwambiri. Atangochigunditsa pa kathabwa kobiriwira, kamzere ka mkuwa kanasupuka ngati khungu. Anatukwana chamumtima. Anapeza waya wonenepa wa mkuwa, naukulunga kunsonga ya chitsulo, naupala mpaka unasongoka ngati singano. Unkazizira msanga. Ankayenera kuthamanga nawo kuchoka pambaula, kugwira malo amodzi, n'kubwezeranso pamoto. Maso nawo anayamba kumukana. Anabwereka magalasi a Che Mustapha, telala wa khonde loyandikana nalo, amene anamuuza kuti akawathyola adzasoka yekha mayunifolomu a ana asukulu.

Atayesa koyamba, wailesi inangoti phu phu phu ngati injini ya boti. Che Mustapha anafunsa ngati inyamuka kupita ku Makanjira, kuti akwere nawo. Atayesa kachiwiri inalira mluzu wautali, agalu a pamsika n'kuyamba kuuwa. Uladi anamasula zonse. Anayambiranso. Anthu obwera ndi mawailesi akale ankawauza kuti adzabwere sabata ya mawa. Lachisanu lotsatira anapita kumzikiti, napemphera, nabwerera patebulo osadya.

Mlonda uja nayenso anavuta. Uladi anadula nsungwi yakeyake yoyesera. Atailumikiza, thiranzisita yaikulu inatentha mpaka kumuwotcha chala. Anakhala pansi akuyamwa chalacho. Magetsi otsalawo anayenera kupita kwinakwake, ndipo ankasanduka moto. Anayang'ana uku ndi uku. Kuseri kwa msika anatola sefuliya yobooka, nadulako chidutswa, naimangirira thiranzisita pamenepo ndi bawuti. Kutentha kunamwazikira m'chitsulomo. Anagwiranso. Kunali kofunda chabe.

Tsiku limene inayankhula, munthu wa pawailesi ankawerenga mauthenga a maliro. Mawu anatuluka oyera, dzina lililonse ndi mudzi wake. Che Mustapha anaimitsa makina awo. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati palibe amene akumudziwa, alihamudulilahi, ndipo abwezeredwe magalasi awo.

Koma zonsezi sizikanalowa m'kachikopa ka pulasitiki kaja. Uladi anapita kwa kalipentala, amene anamukhomera bokosi la matabwa a boti lakale. Anaikamo kawailesiko, mabatani ake akuonekera pawindo laling'ono. Anaikamo pulayiwudi, chidutswa cha sefuliya, ndi sipika yaikulu ya wailesi ina yakufa. Anatseka. Anayesa kulinyamula. Linalibe pogwira. Wailesi ya msodzi imayenda, imapita kudoko, imakolekedwa pamtengo. Chingwe cha khonje chikanawola ndi madzi. Waya akanacheka dzanja. Anayang'ana pakhonde ponse. Chikwama chinali pamsomali pake.

Anatenga mpeni. Chikopa cha ku Beira chinali cholimba, anachita kuchicheka kawiri.

Anafika ku Nkope dzuwa lili pamutu, bokosi pakaliyala, chikwama chomangidwa ndi mphira pamwamba pake. Che Atumani anali pamkeka womwe uja, akusoka ukonde wawo. Alovi awo, anyamata okoka khoka, anali pamthunzi akusewera bawo. Ataona bokosi anasiya nasendera.

Mkuluyo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakupatsani sopo, Che Uladi. Mwandibweretsera khola la nkhunda."

Analigwira pa lamba n'kulikweza. Dzanja linatsika pang'ono ndi kulemera. Analikwezanso. Nkhope inamasuka.

Uladi anapempha nsungwi. Che Atumani anafunsa kuti nsungwi yanji. Uladi anati fungo la m'kati linamuuza kuti wailesiyi inalandiridwa bwino kwambiri, kuposa mmene mimba yake ikanathera. Mmodzi wa alovi anabisa nkhope m'malaya. Mkuluyo anaponya diso kumathandala, kumene Zena anali wotanganidwa kwambiri ndi usipa wake. Kenako analowa m'nyumba natuluka nayo. Inali yaitali ngati mkono wonse, mabatire atsopano aja akadali momwemo.

"Lumikizani nokha, bambo."

"Yonseyi?"

"Yonse."

"Ikapsanso musati ndine."

"Ikapsa ndikwera basi lero lomwe."

Che Atumani anati bisimila. Anagwira mawaya ndi zala zawo zokhakhala, nawapotokola pa misomali iwiri imene Uladi anawalozera. Anatembenuza batani. Wailesi inayankhula. Munthu ankanena za nyengo, kuti mwera ukhala wamphamvu panyanja ndipo a mabwato asamale. Mawu anafika mpaka kumathandala. Mkuluyo anaweramira bokosi n'kumanunkhiza m'mbali mwake ngati munthu wogula nsomba. Anadikira. Nkhani zinatha, nyimbo inayamba. Ananunkhizanso. Munkangomveka matabwa.

Anatsitsa mawu a wailesi. Anafunsa ngati kachinthu kakupsa kaja kanachira.

Uladi anati ayi. Kakadali momwemo, kakufa. Iye anangomanga china pambali pake. M'kati mwa kameneko palibe mmisiri angalowemo, ngakhale wophunzira kunja. Anawauzanso zimene anamva ku Monkey Bay, kuti zobwera m'tsogolo zidzakhala zochepa kuposa apa, ndipo zotsatira zake zochepa kuposanso. Sanabise kanthu.

"Ndiye funso langa lija likadalipo," anatero Che Atumani.

"Lilipo. Koma amene amapanga zimenezi sanaionepo nsungwi yanu. Sadziwa mchenga wa pa Nkope, kapena chinyezi cha m'boti. Chinthu chikamachepa chimafunanso kuchisamala. Pakati pa iwo ndi inu pazifunika munthu. Sindikudziwa kuti ndizidzamanga chiyani zaka khumi zikubwerazi. Ndidzaphunzira, monga ndaphunzirira ichi. Koma ndidzaphunzirira pano."

Mlovi wina anati mlamu wake ali nako kawailesi kotere, ndipo akuopa kukayatsa chimvereni za Che Atumani. Anafunsa ngati mlondayo angamangidwe payekha, kopanda bokosi lonseli. Uladi anati angamangidwe. Wina anati nayenso akawadziwitsa azakhali ake. Che Atumani anawauza kuti akhale chete, pano si pamsika.

Dzanja lawo linali likadali pa lamba. Analisisita ndi chala. Anaona pamene mpeni unadutsa, m'mphepete mosalingana. Anadzutsa maso nayang'ana njinga imene inatsamira mtengo, ndi chikwama chomangidwa ndi mphira.

"Ankhoswe anu ndani kuno?"

Uladi anati alipo msuweni wa malemu mayi ake, ku Mpondasi.

"Auzeni abwere Lachisanu, tikatuluka kumzikiti." Anakweza mawu a wailesi, natolanso singano. "Ndipo nsungwi iyi musaifupikitse. Ndaizolowera."

Uladi anakokera njinga kumathandala. Zena anali atamaliza kutembenuza usipa umene sunkafunika kutembenuza. Anapukuta manja pachitenje. Anamasula mphira, natenga chikwama, nachitembenuza. Timphete tiwiri tachitsulo tinali lende, topanda kanthu.

"Ichi chizikwera bwanji basi?"

"Sichizikwera."

Anachitsegula. Anatulutsa malaya ndi buluku zija, zopindika mizere ya zaka. Anazinunkhiza nakwinya mphuno. Anati zimenezi zikufunika sopo ndi dzuwa, ndipo chikwamacho n'chabwino kusungiramo mchere nyengo ya mvula. Anachipanira m'khwapa. Atayenda pang'ono anacheuka.

"Che Uladi, njingayo muisiya pamsewu?"

Iye anaikankha, namutsatira.